Chitseko Chimene Ndinakhomera Apongozi

Mukadzafika kwathu ku Chisenga n'kumva kuti hamala ya pakhomo pano imakhala m'sutikesi ya akazi anga, yokhoma ndi loko, musadzafunse chifukwa chake. Mayiwo adzangoseka, ana adzayang'ana kumbali, ndipo ine ndidzayambitsa nkhani ya mvula. Koma poti imvi zafika kale, ndi bwino ndiulule ndekha ena asanaithire mchere. Ine ndinatsekerapo apongozi anga m'nyumba mwawo momwe, m'mawa wa tsiku limene iwo analidikira kwa zaka zambirimbiri. Sindinachite dala ayi. Ndinkangofuna kuti andikonde.

Kwathu kwenikweni ndi ku Thyolo. Boma linanditumiza kuno kumpoto ngati mlangizi wa zaulimi chipani chikadali chimodzi, ndipo ndinafika ndi kajuzi kopyapyala, osadziwa kuti mphepo ya m'mapiri a Mafinga sifunsa kuti ndiwe wa boma. Chaka chisanathe ndinapeza chofunda chenicheni, Nalungwe, mwana wamkazi wa a Silungwe. Tinakwatirana, tikukhala m'nyumba ya boma, kamtunda pang'ono kuchokera kwa bambo ake.

Vuto linayambira pa ukamwini. Kwathu mkamwini amadziwika ndi thukuta. Umadzuka mbandakucha, kulima munda wa apongozi, kufolera denga, kumanga nkhokwe, ndipo akakupeza wakhala pampando dzuwa lili pamutu amayamba kunong'onezana kuti mwana wawo anatola chiyani. Kuno si choncho. Ng'ombe za malowolo zikapita, mkazi ndiye amabwera kwanu, ndipo iwe ukafika kwa apongozi ndiwe mlendo wolemekezeka, amene amati mkweni. Ine zimenezi ndinkazidziwa ndi mutu, koma manja anga sankazimva.

Ulendo woyamba nditangopereka moni ndinaona khasu litatsamira nkhokwe, ndinalitola. A Silungwe anadzambatuka ngati ndagwira njoka.

"Yayi, akweni, yayi! Khalani pasi."

Ndinakhala pansi. Anandiphera nkhuku. Ulendo wachiwiri ndinayesa kuwaza nkhuni, anandilanda nkhwangwa n'kundipatsa mpando. Ulendo wachitatu ndinangonyamula chidebe, koma mpando unanditsata mpaka kuchitsime (ndikukokomeza pang'ono, koma pang'ono pokha). Ndipo mkuluyo sanali wolankhula. Tinkakhala pakhonde ola lathunthu, mawu ake osapitirira "enya" (inde) ndi "yewo" (zikomo). Ine mumtima ndinagamula kuti bambowa akundiona ngati kamunthu ka manja ofewa, kodziwa kugwira bolopeni basi. Zinkandiwawa kwambiri, chifukwa bambo anga anamwalira ndili wamng'ono ndipo mkulu ameneyu ndinkamufuna.

Apongozi anga aakazi sindinawapeze, anamwalira ndisanafike kuno. Ndinawadziwira pa mtengo wa mapeyala umene unali kuseri kwa nyumba. Nthangala yake anabwera nayo okha kuchokera kwawo ku Wenya, itamangidwa pansonga ya chitenje, chaka chimene anakwatiwa. Pakhomopo palibe ankati "mapeyala athu", onse ankati "mapeyala a amama". Nalungwe akamasenda limodzi ankayamba nkhani za mayi ake: kuti anali wamfupi koma waliuma, kuti nyengo yozizira ankaima pakhomo manja m'chiuno n'kuwatsekereza amuna awo mpaka atavala jekete. "Adada ankanena kuti akuchedwa, amama osasuntha," ankatero akuseka, kenako n'kupukuta m'maso.

Ndiye m'mwezi wa Febuluwale, chaka cha chisankho choyamba cha zipani zambiri, kunagwa mvula ya chimphepo. Mtengo uja unazuka mbali imodzi n'kuweramira padenga. Panalibe kuchitira mwina. A Silungwe anakana kuti wina aliyense augwetse, anatenga nkhwangwa okha. Nalungwe analira ngati maliro achitikanso. Anaitana anthu ocheka matabwa, anakumba dzenje lawo, n'kucheka thunthulo ndi sowo yaitali ya anthu awiri. Munatuluka matabwa asanu ndi limodzi, ndi timitanda tingapo. Ndi zokhazo zimene zinatsala za mtengo wa amama, ndipo wina wotero kunalibe.

Madzulo ake tili pakhonde, mkulu uja analankhula mawu ambiri kuposa onse amene ndinawamvapo. Anati chitseko cha nyumba yake chadyedwa ndi chiswe, ndipo akufuna matabwawo akhale chitseko, kuti azilowa ndi kutuluka akuwagwira. Anati adzaitana a Kayira, fundi wa m'mudzimo (kuno kalipentala amati fundi).

Apa ndi pamene pakamwa panga panandipereka.

"Adada, fundi wa chiyani ine ndilipo? Malume anga anali kalipentala wotchuka ku Thyolo konse. Ntchito imeneyi ndinakulira."

Kuti malume anali kalipentala n'zoona. Kuti ndinakulira ntchitoyo n'zoonanso, ngati kukhalira thabwa kuti lisagwedezeke pamene malume akucheka ndi ntchito. Nalungwe anandiyang'ana ndi diso limene ndinadzalidziwa bwino m'zaka zotsatira. A Silungwe anangoti, "Yewo, akweni." Ine ndinamva ngati andikhulupirira. Ndinadzazindikira mochedwa kuti kuno mkweni sakanizidwa pamaso pa anthu, ngakhale atapempha kuti afolere nyumba ndi masamba a nthochi.

M'mawa mwake ndinapita kukabwereka zida kwa a Kayira: sowo, puleni, tchizulo ndi hamala. Anandipatsa bwinobwino, koma anafunsa kuti ndiyamba liti.

"Loweruka lomweli."

"Loweruka la chaka chino?" anatero akundiyang'ana. "Alangizi, matabwa aja ndi aawisi. Muwasanje pamthunzi, muike timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, pamwamba musanjike miyala. Mudzawagwire chilimwe chikatha."

"A fundi, kwathu timapanga pompopompo."

"Kodi si inu mumatiuza kuti chimanga chisalowe m'nkhokwe chisanaume?"

"Chimanga ndi china, thabwa ndi lina," ndinayankha motsimikiza, ngati munthu amene anaziwerenga m'buku. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa. Ndinkaganiza kuti ndikadikira miyezi yonseyo mkulu uja asintha maganizo, ntchito ipita kwa fundi, ine ndibwerera pampando wanga ndi nkhuku.

Ndinagwira ntchitoyo Maloweruka atatu. Thabwa linkalira madzi pansi pa sowo, utuchi ukumata m'manja ngati gaga wonyowa, ine n'kumati ndi chizindikiro cha mtengo wabwino. Puleni inkatsamwa pafupipafupi. Chala chamanthu chakumanzere chinalandira hamala kawiri, ndipo poti apongozi anali pafupi, ndinkangoti "Ambuye ndi abwino" mano ali gwa. Mafelemu ndinapangira timitanda tija, taawisinso, n'kuwamatira m'khoma la zidina. Mahinjesi ndinakhoma mkati ndi misomali yaitali, n'kuipinda nsonga kuti asadzachoke mpaka kalekale. Mkatimonso ndinaikamo chitsulo chotsekera, cholowa m'bowo la mufelemu.

Koma abale, tsiku limene chinaima chitseko chija chinali chokongola! Chofiirira, chosalala, chikununkhira. Ndinachikwanitsa ndendende, moti ndinauza anthu kuti ngakhale nyerere iyenera kugogoda. A Silungwe anachisisita ndi chikhatho kuyambira pamwamba mpaka pansi. Nalungwe anatsamiritsa mutu wake pamenepo. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati ndakwezedwa pantchito.

Mvula inatha, mphepo youma inayamba kutsika m'mapiri, ndipo chitseko chinayamba kuonetsa khalidwe lake. Poyamba chinkangolira potsegula. Ndinathira mafuta a njinga m'mahinjesi. Kenako pakati pa matabwa panatseguka mipata, yoyamba yolowa udzu, kenako yolowa chala. Ndinamatamo utuchi wosakaniza ndi guluu, unagwa patatha masiku awiri. Kenako ngodya ya m'munsi inayamba kupotokera kunja, ya m'mwamba kulowera mkati, ngati munthu amene akumva kuitana mbali ziwiri.

"Alangizi," anatero Nalungwe (akandiitana choncho ndimadziwa kuti zinthu sizili bwino), "bwanji mukawapemphe a Kayira akachione?"

"Mayi, thabwa likukhazikika. Ndi mmene limachitira."

Ndinapita ndi puleni n'kupala mbali imene inkakhula. Sabata yotsatira inakhula mbali inayo, ndipo kumene ndinapala kuja kunatsala mpata wodutsa mwanapiye. Pamenepo ndinaganiza zochilanga. Ndinakhoma mitanda iwiri yopingasa kumbuyo kwake, misomali yochuluka ngati ndikumanga mlatho, kuti ndione ngati chipotokenso. Chinapotoka pamodzi ndi mitandayo, n'kuyamba kukoka mafelemu.

Nthawi yonseyi ndikafunsa kuti, "Adada, chitseko chikuyenda bwanji?" yankho linali limodzi: "Chili makora, akweni." Ndinadzamva pambuyo pake kuti m'mawa uliwonse mkuluyo ankachinyamula ndi mpini wa khasu kuti chitseguke, n'kubisa mpiniwo akandiona ndikubwera.

Tsiku lovota linafika, m'mwezi wa Meyi. A Silungwe anali atanena kalekale kuti akufuna kukhala m'gulu la oyamba pamzere. Munthu wosalankhula uja, nkhani imeneyi yokha ankaibwereza. Tinapangana kuti ine ndi Nalungwe tidzawadzere dzuwa likamatuluka, tipitire limodzi ku sukulu kumene kunali kovotera. Kunkazizira koopsa m'mawa umenewo, udzu uli mbuu.

Tinapeza chitseko chili chotseka.

"Odi, adada! Mwawuka uli?"

"Tawuka makora, akweni," anayankha mawu ochokera mkati, odekha ngati palibe chachitika.

"Tiyeni, anthu ayamba kale kupita."

Anayankha kuti, "Pitani danga, tsogolani. Ine ndibwera."

Nalungwe anasuzumira pa umodzi wa mipata yanga ija (inathandizako tsiku limenelo) n'kuwaona bambo ake atavala kale zonse, akulimbana ndi chitsulo chotsekera. Chitseko chinali chitapotoka mpaka kuchipana chitsulocho m'bowo mwake. Anachimenya ndi mpini, osasuntha. Ine ndinakankha ndi phewa kunja, osasuntha. Ndinathamanga kuchokera patali n'kudzachigunda, ndinabwerera ndekha n'kukhala pansi m'fumbi. Mahinjesi anali mkati, okhomedwa mpaka kalekale monga ndinalonjezera. Windo la nyumbayo linali loti mphaka wonenepa angaganize kawiri.

Njira yopita ku sukulu inkadutsa pakhomo pomwepo. Anthu amene ankapita kukavota anayamba kupatuka mmodzimmodzi, mpaka pabwalo panadzaza. Aliyense anali ndi nzeru yake. Wina anati tithire madzi otentha, wina anati tisasule denga. Mayi wina anafunsa mokweza kuti, "Kodi anapanga chitseko chimenechi ndani?" ndipo anthu onse, mwaulemu waukulu, anayang'ana kumapiri. Kunena zoona, kukanakhala bwino akanangonditukwana.

A Kayira anafika ndi nkhwangwa paphewa. Anachizungulira chitsekocho ndi maso, anayang'ana misomali yanga, anapuma mozama, koma sananene kuti "ndinakuuzani". Mpaka lero ndimawalemekeza chifukwa cha zimenezo.

"Palibe njira ina," anatero. "Ndiswe matabwa awiri apakatiwa, adada atulukire pamenepo."

Matabwa asanu ndi limodzi aja, okhawo otsala a mtengo wa amama, ndinali nditawapotokola kale, ndipo tsopano ankati awazidwe ngati nkhuni chifukwa cha kudzitama kwanga. Nalungwe anagwira pakamwa. Fundi anakweza nkhwangwa.

"Yayi!"

Sindinawamvepo a Silungwe akukuwa, ndipo ndikhulupirira kuti m'mudzimo munalibe amene anawamvapo.

"Mtengo uwu nkhwangwa yaulawa kamodzi, ndipo anali manja anga. Kachiwiri yayi. Gumulani khoma."

"Adada, khoma la nyumba?" anafunsa a Kayira.

"Khoma ndi dothi. Dothi lilipo lambiri."

Nalungwe anayamba kulira mwakachetechete. Ine manyazi anali atandigwira, koma ndinaona khasu litatsamira nkhokwe, lomwe lija anandilanda tsiku loyamba. Ndinalitola, ndipo ulendo uno palibe amene anati ndikhale pansi. Taganizani, chaka chonse ndikulakalaka kugwira khasu kwa apongozi, ndipo tsiku limene ndinaligwira ndinkagumula nyumba yawo.

Ndinakumba m'mbali mwa felemu, m'munsi, chidina chimodzichimodzi, a Kayira akuchotsa. Thukuta linatuluka ngakhale kunkazizira. Bowo litakula, tinamva mkulu uja akuvula jekete kuti lisang'ambike, kenako kunatulukira mutu wa imvi, mapewa, mpaka munthu yense, akukwawa pamaso pa mudzi wonse. Ndinagwada pomwepo. Iwo anaimirira, anasasa fumbi m'maondo, anagwira m'thumba la malaya kuona ngati chitupa chovotera chilimo, n'kunena kuti, "Tiyeni, tachedwa."

"Adada, jekete," anatero Nalungwe.

"Lekani, nthawi yatha."

Anayenda mapazi atatu okha, atavala malaya okhaokha m'mphepo imene ija. Pamenepo kumbuyo kwathu kunamveka kulira kwa mahinjesi. Felemu lija, poti zidina zolikankha zinali zitachoka, linamasuka n'kuchisiya chitsulo. Chitseko chinatseguka chokha, pang'onopang'ono, mpaka mbee. Ndipo moyang'anizana ndi khomo, pamsomali wa pakhoma, panali jekete lija likulendewera.

A Silungwe anaima n'kuyang'ana nthawi yaitali. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira, ndipo mwina ankaliradi, koma chimene chinatuluka chinali chiseko, chachikulu, cha munthu amene sanaseke zaka zingapo. Anamugwira Nalungwe padzanja n'kuloza chitsekocho.

"Wamuona nyoko? Mayi wako mpaka lero sakufuna ndituluke wopanda jekete."

Analowa pakhomo, anavala jekete lawo, anamanga mabatani onse mpaka m'khosi, ndipo potuluka anachisisita chitseko chija n'kunena chapansipansi kuti, "Ndavala, mama." Amayi angapo pabwalopo anapukuta m'maso ndi zitenje. Inenso fumbi la zidina linandilowa m'maso, linali lambiri tsiku limenelo.

Pamzere sitinakhale oyamba, tinali kumapeto kwenikweni, ndipo nkhani inali itatitsogolera kale. Ndinayesa kupepesa tili m'njira, koma mkuluyo anangokweza dzanja.

M'mawa mwake ndinapita kuti ndikaone bowo langa. Ndinawapeza atakumba kale dothi, atathira madzi, atapinda buluku mpaka m'maondo. Ndinayang'ana pakhonde, mpando wanga uja panalibe.

"Waima chiyani?" anatero. "Vula nsapato, mwana wane, uponde dothi. Wagumula ndiwe."

Sanati akweni. Sanati inu. Ndinavula nsapato msangamsanga kuopa kuti angasinthe maganizo, ndipo tinaponda dothi limodzi mpaka dzuwa kutentha, iwo akundiuza za mmene anakumanirana ndi mkazi wawo ku Wenya. Masana sanandiphere nkhuku. Tinadya mphangwe, ndiwo za masamba a nyemba, ndipo sindinadyepo chakudya chokoma chotero kwa apongozi.

Chilimwe chitatha a Kayira anachigwetsa chitseko chija, anazula misomali yanga (anaidzaza m'kachitini n'kunditumizira, popanda uthenga), anachiwongola mmene akanathera, n'kuchibwezera. Koma thabwa likapotoka lili laliwisi silibwerera lonse. A Silungwe anatisiya patapita zaka zisanu ndi zinayi, ndipo alamu anga, amene onse ali kutauni, anatipempha kuti tizisunga pakhomopo. Nyumba tinamanganso ya njerwa zootcha, koma chitseko ndi chomwecho. Ana anga amadandaula kuti n'chokhota, chimalowetsa mphepo, anzawo amaseka. Ndimawauza kuti adzachichotse ine nditapita.

Kodi ndinaphunzirapo kanthu? Matabwa aawisi sindigwiranso, izo n'zoona, ngakhale chifukwa chachikulu n'chakuti hamala ili m'sutikesi. Chaka chatha mtengo wa mango unagwa kumunda, ndipo nditangoti, "Mayi, pamenepa patuluka tebulo," Nalungwe anatumiza uthenga kwa mwana wa a Kayira ndisanamalize n'komwe kulankhula.

Chitseko chija mpaka lero sichitseguka msanga. Umayenera kuchinyamula pang'ono, kuchikoka, n'kudikira kuti chivomere. Ana amati n'chifukwa cha ukalipentala wa bambo awo, ndipo sakunama. Koma ine m'mawa kukazizira, chikandikaniza choncho, sindilimbana nacho. Ndimabwerera kukatenga jekete.